Kumene Mafuta Anasamukira

Telala sakhulupirira munthu. Ndasoka zovala pakhonde la sitolo ina m'tauni ya Zomba kwa zaka zambiri, ndipo zimenezi ndinaziphunzira sabata yoyamba. Mayi amabwera n'kukuuza kuti, "Miyeso yanga ndi yomwe ija ya chaka chatha," iwe ukuona ndi maso ako kuti chiuno chadya mainchesi atatu. Ukamumvera, diresi likathina mlandu ndi wako. Choncho ine ndinkangomwetulira, n'kuvula tepi m'khosi. Tepi ilibe mbale wake.

Makina anga ndinawagula matipate atangoyamba kumene, nthawi imene aliyense ankafuna chilundu cha nsalu ya chipani chake ndipo atsikana anali atangololedwa kuvala mathalauzi. Ntchito inali yosapumira. Kenako kaunjika anatithyola miyendo atelala tonse, ine n'kutsala ndi anthu anga okhazikika: aphunzitsi, anamwino, amayi a kutchalitchi ndi a maukwati. Aliyense anali ndi tsamba lake m'kope langa lachikuto chofiira, ndipo akabwera ndinkalemba miyeso yatsopano pansi pa yakale.

Pa nkhani ya mafuta ndinkadziona ngati katswiri. Tsiku lina mafuta a makina atandithera ndinathiramo ophikira, poganiza kuti mafuta ndi mafuta basi. Patapita milungu ingapo anauma n'kukhala ngati ulimbo, makina n'kuyamba kununkha chiphisi cha mtedza wakale. Wokonza makina anandiseka mpaka misozi, amvekere mafuta a zomera amagwirana ndi mpweya n'kuwonongeka, pamene a makina ndi a mtundu wina. Ndinkadziwanso kuti dontho la mafuta pansalu ya mwini silichoka ndi madzi okha, chifukwa awiriwa saonana ndi diso labwino. Pamafunika sopo, amene ali ngati nkhoswe: dzanja lina wagwira mafuta, lina wagwira madzi, onse n'kutulukira limodzi. Koma mafuta amene ndinkagwira nawo ntchito tsiku ndi tsiku anali a m'thupi la munthu. Mafupa a munthu wamkulu sasintha. Chimene chimayendayenda pansi pa tepi ndi mafuta.

Zaka za kaliwondewonde ndinaziwerengera m'kope lomwelo. Manambala ankatsika onse pamodzi, chifuwa, chiuno, matako, mpaka tsiku lina mwini tsamba osabweranso. Masamba ambiri anathera pakati. Ndiye mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa ulere, ndinaona manambala akukweranso ndipo ndinathokoza Mulungu ndi mtima wonse. Koma patapita chaka kapena ziwiri, tepi inayamba kundiuza chinthu chachilendo.

Woyamba amene ndinamuona choncho anali mphunzitsi wina wa ku Mbedza, mayi wofatsa, wa mawu apansipansi, amene ndinamusokera kuyambira ali mtsikana. Anali ndi mbina yoti siketi inkakhala yokha popanda telala kuvutika. Tsiku limenelo ndinayeza kawiri, poganiza kuti ndalakwitsa. Matako anali atatsika ndi mainchesi anayi, mikono yaonda mpaka mitsempha kuonekera, masaya alowa, koma mimba yakwera. Sikunali kuonda, sikunali kunenepa. Mafuta anali atangosamuka.

"Atelala," anatero madamuwo akuyang'ana pansi, "simungaikeko kasiponji kumbuyoku? Pang'ono chabe, kuti siketi izikhala."

Ndinaika. Ndinaika bwino kwambiri moti palibe akanadziwa. Koma chimene chinadziwitsa anthu ndi pakamwa panga. Atabwera wachiwiri ndi wachitatu a miyeso yofananayo, ndinalumikiza nkhani, ndipo sindinathe kuisunga. Pakhonde paja pankakhala amayi ogulitsa nthochi ndi mandasi, ndipo madamu aja akamadutsa ndinkatsinzinira diso limodzi n'kunena kuti, "Mbina yasamukira kutsogolo." Tinkaseka mpaka kugwira nthiti. Mawuwo anayenda, anafika ku Zakazaka, anafika ku Mtiya kumene tinkakhala, ndipo ndinamva kuti anafika mpaka kusukulu kwawo. Madamu aja anasiya kubwera kwa ine. Ndinangoti ndi matama.

Amuna anga ankagwira ntchito kunazale ya mitengo ya paini pamwamba pa phiri. Ankakwera Lolemba m'mawa n'kutsika Loweruka masana, ndipo akafika ndinkawakhuthulira nkhani zonse za pakhonde ndikusita zovala za makasitomala. Poyamba ankaseka. Kenako ndinaona kuti kuseka kwachepa, ndipo apa ndi pamene mtima wanga unayamba kunong'ona.

Zizindikiro zinkabwera chimodzichimodzi. Anachoka pabedi n'kuyamba kugona pamphasa, ati mapazi akuwaotcha ndiye akufuna simenti yozizira. Mwezi, miyezi, chaka, mwamuna osandikhudza ngakhale chala. Posamba ankakhoma chitseko, chikhalirecho kale ankandiitana kuti ndikawatsuke kumsana. Malaya a mikono yaifupi anawasiya ngakhale m'chilimwe dzuwa likuswa mtengo. Ndiponso kamodzi pamwezi, Lachitatu, ankatsika phiri pakati pa sabata, ati akatenge machubu a mbande ku ofesi. Ine machubuwo sindinawaonepo ali m'manja mwawo. Galu wamkota sakandira pachabe, ndinkatero mumtima, pali mkazi apa.

Nkhope yawo inkaonda ndithu, ndinkaiona. Koma munthu amene umamuona sabata iliyonse sumuyeza, ndipo ine ndinali nditapeza kale yankho langa. Masaya ndinkati ndi mphepo ya kuphiri. Kamimba kamene kanayamba kutuluka ndinkati ndi mowa, kapena mphika wa mkazi winayo. Ndiye ndinalowa mpikisano ndi mkazi amene sindinamuonepo. Loweruka lililonse ndinkagula nyama ya mbuzi yonona, ndiwo zamasamba ndinkazithira nsinjiro mpaka supuni kuima, mapeyala osasowa patebulo. Ndinkafuna masaya aja abwerere ndi dzanja langa. M'miyezi yozizira mafuta a mbuzi ankaundana m'mbale n'kuyera mbuu, iwo akungotosatosa, ine ndikuwayang'ana ngati wapolisi. Masaya sanabwerere. Lamba yekha ndiye ankasuntha bowo.

Lachitatu lina ndinapita kukagula mazipi, ndipo ndili m'sitolo ndinawaona akudutsa pamsewu. Amuna anga, ndi madamu a ku Mbedza aja. Sanagwirane manja, koma ankayenda mofanana mapazi, akuyankhula motsitsa ngati anthu ozolowerana. Mutu unaima. Mwa akazi onse a mu Zomba, uyu? Nsanje inabwera poyamba, mantha n'kubwera pambuyo pake, ndipo mantha ndi amene anakhalitsa. Ine ndinkadziwa zimene tepi inandiuza za mayi ameneyu. Ndinaganiza kuti akubwezera, wandilanda mwamuna dala kuti andibweretsere matenda m'nyumba.

Sindinafunse. Ndine munthu waphokoso, koma pa zinthu zoopsa ndimayamba ndasonkhanitsa umboni. Sabata yomweyo kunabwera namwino wina kudzayesa yunifolomu, mayi wachikulire wosakonda miseche, ndipo ndili ndi mapini pakamwa ndinamuzungulira ndi mafunso.

"Anesi, kodi zimatheka bwanji munthu kuphwa kumbuyo koma mimba n'kumakula?"

Anandiyang'ana m'maso. "Za munthu sindikuuzani, atelala. Za mafuta ndikuuzani."

Anati mafuta a pansi pa khungu si ulesi ayi, ali ndi ntchito. Ndi bulangete la thupi, n'chifukwa chake munthu woonda amazizidwa msanga. Ndi chotsamira, kumatako ndi pansi pa chidendene, kuti fupa lisamagunde pouma. Ndi nkhokwe ya mphamvu ya tsiku la njala kapena la matenda. Mavitamini ena salowa m'thupi popanda mafuta owanyamula, ndipo ngakhale ubongo weniweniwu mbali yaikulu ndi mafuta. Ndiye anati alipo mankhwala ena, abwino ndithu, opulumutsa moyo, koma mwa anthu ena amawononga tinkhokwe ta mafuta ta pansi pa khungu. Mafuta akasowa pokhala amakaunjikana m'kati mwa mimba, ena n'kumayendayenda m'magazi.

"Nanga munthu wotero ukamamudyetsa zonona, sangabwerere?"

"Mungomuonjezera vuto. Nkhokwe ikagwa, chimanga mukachithira pati? Zononazo zipita kumimba ndi m'magazi, masaya ali pomwepo." Anavula yunifolomu ija n'kuonjezera kuti, "Enanso amadandaula kuti mapazi akuotcha, kapena achita dzanzi."

Phini inandibaya lilime. Koma taonani mmene munthu amadzinamizira: ndinauza mtima wanga kuti mapazi amaotcha pa zifukwa zambiri.

Chaka chimenecho mwana wathu wamkazi ankakwatiwa, ndipo suti ya bambo ake inali yoti ndisoke ine. Mwana wa telala, bambo ake n'kuvala ya pakaunjika? Nsalu ndinagula, yotuwira, yabwino. Koma Loweruka lililonse ndikatenga tepi, mwamuna ankapeza pothawira. Lero ndatopa. Lero ndikaone achimwene. Kenako anangoti, "Ingotengani miyeso yakale ija, mayi, ine sindinasinthe."

Mawu amenewo ndi amene anandimaliza. Ndinawamva kwa anthu ambirimbiri pakhonde paja, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ankanena zoona.

Lachiwiri m'mawa ndinatseka makina, kope m'chikwama, tepi m'khosi, n'kuyamba kukwera phiri kudzera njira yachidule imene amatsikira amayi a nkhuni ndi a mbatata. Ine ndine munthu wathupi, ndipo phiri la Zomba silichitira chisoni anthu athupi. Ndinkapuma pamwala uliwonse, amayi osenza mitolo akundipatsa moni wachisoni. Kunali chiperoni. Pofika pamwamba chifunga chinali chitatseka mitengo, koma ine thukuta lili kamukamu.

Ndinawapeza okha, anzawo atapita kukadya. Anakhala pansi pakati pa mizere ya machubu akuda, akuthira dothi, atavala majuzi awiri ndi chipewa chaubweya. Pansi pawo anali atapinda thumba kanayi n'kukhalira. Thumba limenelo ndinaliyang'ana kwambiri.

"Mayi! Kwagwanji kunyumba?"

"Kulibe chagwa. Imirirani, bambo. Vulani majuziwo."

Anayang'ana tepi, anayang'ana ine. Kenako anaimirira pang'onopang'ono ngati munthu woitanidwa kubwalo la milandu. Atavula anayamba kunjenjemera nthawi yomweyo, pamene ine mphepoyo ndinkaimva kukoma. Ndinayamba ndi mapewa, zala zanga n'kugunda mafupa okhaokha. Mkono unali utatsika. Ntchafu zinali zitatsika. Kumatako tepi inaonetsa kuti nambala yakale yatsika ndi mainchesi anayi. Pamimba inakana kufika pomwe inkafika. Sindinatsegule n'komwe kope lija. Tsamba limeneli ndinali nditaliwerengapo kale, pa dzina la munthu wina.

"Ndi madamu a ku Mbedza aja eti?" Mawu anga anamveka mpaka m'mitengo. "Ndinakuonani! Akupatsani ndi iwowo, kuti andikhaulitse ine!"

"Madamu aja musawaputenso, mayi. Mwawalakwira kokwanira." Anatola juzi n'kuigwira pachifuwa. "Timakumana pabenchi la kuchipatala. Tsiku lathu lolandira mankhwala ndi limodzi, basi. Zangazi zinachokera kwa ine ndemwe, kalekale, ndisanawadziwe n'komwe. Zimenezo ndidzayankha pamaso pa ankhoswe."

"Mwayamba liti kumwa mankhwalawo?"

"Chino n'chaka chachitatu."

Ndinakhala pa thumba lawo lija. Zaka zitatu! Ine ndikuthamanga ndi nyama ya mbuzi ngati chitsiru.

"Ndiye osandiuza bwanji? Ndine galu ine m'nyumba muja?"

"Chaka choyamba anali mantha chabe, sindikana. Ndinangochoka pabedi kuti ndisakuonjezereni. Chachiwiri ndinalimba mtima. Loweruka lina ndinatsika botolo la mankhwala lili m'thumba, mawu nditakonza njira yonse. Ndinakupezani mukusita. Musanandipatse n'komwe madzi akumwa munati, bambo, mwamva? Mbina ina yasamukira kutsogolo. Munatchula dzina, munaseka mpaka simbi kuiika pansi." Anavala juzi ija. "Ndinaona kuti ndikakuuzani Loweruka, pofika Lolemba ndili pakhonde."

Ndinafuna kukana, koma Loweruka limenelo ndinalikumbukira. Ndinakumbukira ngakhale diresi limene ndinkasita.

"Ndipo madamuwo akudziwa kuti munawafalitsa ndinu," anapitiriza. "Akanafuna kubwezera, mawu amodzi okha akanakwana, tauni yonse ikanadziwa za mwamuna wa telala. Sananene kwa munthu. Mwezi uliwonse amangondifunsa chinthu chimodzi: mwawauza atelala? Akayezetse mayi aja nthawi isanathe. Tsiku munationalo ankandikalipira nkhani yomweyo."

Ndinawagenda ndi tepi ija kumaso. Ndinawauza kuti asewera ndi moyo wanga, kuti manyazi awo anawaika patsogolo pa magazi anga, kuti ngakhale pakamwa panga pakhale ngati wailesi, zaka zitatu si zobisira munthu amene unalumbira naye kutchalitchi. Anangoti, "N'zoona." Mpaka lero ndimati n'zoona, ndipo mbali imeneyo sindinawakhululukire yonse. Koma potsika phiri ndekha, amene ndinkamutukwana kwambiri sanali iwo.

Suti ija ndinaisoka sabata yomweyo, mano ali chilumire. Ndinathyola singano ziwiri. M'mapewa ndinaikamo siponji, kumbuyo kwa thalauzi ndinaikamo ina yopyapyala, jekete ndinalimasula kutsogolo kuti mimba ibisike. Luso lonse limene ndinaliphunzirira pa matupi a akazi amene ndinkawaseka linathera pa mwamuna wanga. Paukwati amayi ankandikodola, amvekere, "Koma bambo akuoneka bwino, mukuwasamalatu!" Mmodzi wa amayi a pakhonde aja anandinong'oneza kuti ndiyang'ane mayi wina wa kuchimuna, ati kodi mbina imene ija sinasamuke? Ndinamuyankha kuti sindinabwere ndi tepi. Anandiyang'ana ngati ndadwala.

Zoyezetsa ndinazizengereza mpaka ukwati utadutsa, chifukwa ndinkaopa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye tsiku lina ndinapita ndekha osauza munthu. Anandipeza nako kachilomboko. Anati chitetezo chatsika kale ndithu, ngakhale thupi linali lodzaza chonchija, ndipo ndikanachedwa chaka china nkhani ikanakhala ina. Mafuta anga amene ndinkawanyadira aja sankanena chilichonse za zimene zinkachitika m'magazi. Mankhwala aja anadzawasintha patapita zaka, ndipo ine mbina yanga inangophwa pang'ono. Masaya a amuna anga sanabwererenso mpaka lero.

Tsiku langa loyamba kukalandira mankhwala linali Lachitatu. Ndinavala mpango mpaka m'maso, ndikuyenda kumbuyo kwa amuna anga ngati mkwatibwi. Pakhonde la chipatala panali benchi lalitali lathabwa, lodzaza anthu, ndipo theka la iwo ndinkawadziwa ndi manambala. Ambiri anali atapinda chitenje n'kukhalira. Onse anatembenuka. Ndikanakonda akananditukwana kusiyana ndi maso amenewo.

Madamu a ku Mbedza anali chakumapeto, atavala siketi yomwe ija ndinaiika siponji, itayamba kutuwa m'mphepete. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mosafulumira, mmene ine ndinkayang'anira anthu akamadutsa pakhonde.

"Atelala," anatero ndi mawu awo apansipansi aja, "lero tepi mwaisiya?"

"Ndaisiya, madamu."

Ndinafuna kunena pepani, koma misozi yokha ndiyo inatuluka. Iwo anasendera kumbali, anafunyulula chitenje chimene anakhalira chija kuti chikwane anthu awiri, n'kuchimenya ndi chikhatho.

"Khalani apa. Benchili ndi louma, ndipo mzerewu umachedwa."